Bilu ya khanda lathu yakanidwa, pali P03.0: chikutanthauza chani?

Akonzi, ine ndimagwira ntchito ku Johannesburg ndipo ndili pa medical aid ya kuntchito limodzi ndi akazi anga. Mwezi watha anachira mwana wamkazi ku chipatala cholipira, mwanayo anakhala chotsogoza matako mpaka mwezi womaliza ndiye adokotala anati basi tichite opaleshoni tsiku lisanafike. Bilu ya mayi ake medical aid inalipira, koma yabwera ina ya mwana yekha, ya dokotala wa ana, yakanidwa ndipo akuti ndilipire ndekha. Papepalapo alemba P03.0 ndi Z38.0. Kodi mwana wanga ali ndi matenda omwe sanatiuze? Nanga mwana wobadwa dzulodzulo amakhalanso ndi bilu yake? Bambo wodandaula, Johannesburg.

Bambo, poyamba tikuti mafuno abwino pa mphatso ya mwanayo, ndipo mtima ukhale m'malo, P03.0 si dzina la matenda obisika ayi. Zilembo ndi manambalawa ndi a ICD-10, ndandanda ya matenda ndi zifukwa zopitira kuchipatala yomwe inakonzedwa ndi World Health Organization, ndipo ku South Africa kuyambira 2005 bilu iliyonse yopita ku medical aid imayenera kukhala ndi code yotere, popanda iyo salipira. Z38.0 ikungonena kuti mwana mmodzi wabadwira m'chipatala basi. P03.0 ikunena za khanda lomwe lakhudzidwa ndi kubadwa motsogoza matako kapena miyendo.

Za bilu yakeyake, eya, ndi mmene zimakhalira. Mwana akangotuluka amasanduka wodwala payekha, ali ndi fayilo yake, ndipo dokotala wa ana amene anaima pambali mu theatre kumulandira amalemba bilu m'dzina la mwanayo osati la mayi. Ma code oyamba ndi O ndi a mayi, monga O32.1 ya mayi amene mwana wakhala motsogoza matako kapena O82 ya opaleshoni, pomwe oyamba ndi P ndi a mwana. Zikasakanizidwa, ya O kuikidwa pa mwana kapena ya P pa nambala ya mayi, kompyuta imangokana osafunsa munthu.

Tsono pali chinthu chimodzi m'kalata yanu chomwe chatikodola. Mwati opaleshoni inachitika tsiku lisanafike, kutanthauza kuti matenda a kubereka anali asanayambe. P03.0 imayenera kwambiri mwana amene anabadwadi motsogoza matako, kapena anachita kumukoka. Wa kwanuyu anangokhala molakwika m'mimba, ndipo zimenezo zili ndi code yake, P01.7, ya khanda lokhudzidwa ndi kakhalidwe kolakwika matenda asanayambe, komanso ilipo P03.4 ya khanda lokhudzidwa ndi opaleshoni. Ndiye mwina amene amalemba mabilu ku ofesi ya dokotala anangoona mawu oti breech, kutanthauza kutsogoza matako, n'kutola code yoyamba yomwe yamubwerera m'mutu, zimachitika kwambiri izi makamaka pomwe munthu mmodzi akulembera madokotala angapo. Ife sitingagamule tili kuno, fayilo sitinaione, wosankha code ndi dokotala malinga ndi zomwe analemba tsikulo. Koma funso lake ndi loyenera kufunsa: bilu ya mayi ikuti opaleshoni yokonzeratu, ya mwana ikuti anabadwa chotsogoza matako, zikugwirizana bwanji?

Komabe tisanaloze chala code, kodi mwanayo munamulembetsa ku medical aid? Apa ndi pomwe anthu ambiri amagwera. Abambo amathamangira satifiketi ya ku Home Affairs n'kuganiza kuti zatha, kapena amayesa kuti poti mimba inali yodziwika ndiye kuti mwana walowa yekha. Salowa yekha. Pamafunika fomu yoonjezera mwana, ma scheme ambiri amati pasanathe masiku 30 chibadwireni, ena amapereka nthawi yotalikirapo, onani malamulo a yanuyo lero lomwe, ndipo ngati ndi ya kuntchito fomuyo nthawi zambiri imadutsira ku HR komwe imatha kugona pa desiki sabata ndi sabata. Lamulo la Medical Schemes Act la 1998 silimalola kuti mwana wobadwa kholo lake lili kale membala amuikire nthawi yodikira, koma bilu yofika mwana asanaoneke mu system imabwezedwa basi.

Chochita, imbani ku medical aid mufunse chifukwa chenicheni chomwe akanira, akutumizireni cholembedwa osati pakamwa, ndipo mulembe reference number. Likakhala vuto la code, inu simungasinthe, a medical aid naonso sangasinthe, bwererani ku ofesi ya dokotala akonze n'kutumizanso. Musachedwe nazo poti bilu imayenera kufika pasanathe miyezi 4 chichitikireni chithandizo, ndipo yobwezedwa kuti ikonzedwe imapatsidwa masiku 60. Ndipo chonde musawapemphe kuti aike code ina iliyonse bola ilipidwe, kumeneko ndi kuba ndipo zimatsalira mu mbiri ya mwana. Mwinanso mupeza kuti code ili bwino koma dokotalayo amalipiritsa kuposa mtengo wa scheme yanu, pamenepo chotsalacho chimagwera inu pokhapokha muli ndi gap cover, inshuwalansi yapadera yolipira chotsala chotere, ngakhale kupempha kuti akuchotsereko si mlandu. Zonse zikakanika kuli Council for Medical Schemes, bungwe loyang'anira ma medical aid, amalandira madandaulo kwaulere.

China chomwe tikuona kuti n'chofunika kuposa biluyo. Ana pafupifupi 3 kapena 4 pa 100 aliwonse amafika mwezi womaliza atatsogoza matako, ndipo anawa amakhala pa chiopsezo chokulirapo choti fupa la ntchafu lisakhazikike bwino m'chiuno, ngakhale abadwe pa opaleshoni. N'chifukwa chake madokotala amakonda kuitanitsa sikani ya m'chiuno mwana akamakwana masabata 6. Likapezeka msanga vutoli amangomuveka timalamba totchedwa Pavlik harness kwa masabata angapo, likachedwa mpaka mwana wayamba kuyenda motsimphina nkhani imafika ku opaleshoni. Wanuyo ali ndi mwezi, nthawi yake ndi ino, ndipo mawu oti breech mu fayilo yake ndi amene amapereka chifukwa cha sikaniyo ku medical aid. Pokafunsa za code ku ofesi ya dokotala mukatengeretu deti ya sikani, ndipo mufunse ku medical aid ngati ikufunika chilolezo musanapite.