Node.js ikukana kuyamba pa Raspberry Pi 4: kodi khadi yawonongeka?

Funso: Ndine mphunzitsi pa sukulu ina ya sekondale ku Katete, ndipo tili ndi timakompyuta ta Raspberry Pi 4 timene ndikufuna kuphunzitsirapo ana JavaScript. Ndinatenga fayilo ya Node.js (pulogalamu yoyendetsera JavaScript pa kompyuta) imene mnzanga amagwiritsa ntchito pa laputopu yake ya Ubuntu, ya dzina lothera ndi linux-x64, koma nditalemba node -v makina anayankha kuti "cannot execute binary file: Exec format error". Wina anandiuza kuti ndilembe uname -m, panatuluka aarch64, ndiye ndinakatenga ya linux-arm64. Tsopano akunena kuti "No such file or directory", chonsecho fayiloyo ndikuiona ndi maso anga. Kodi memori khadi yawonongeka?

Yankho: Aphunzitsi, khadi yanu ili bwino, ndipo musathamangire kuifufuta. Mauthenga onse awiri akuchokera ku gwero limodzi, ndilo kusagwirizana kwa fayilo imene mwatenga ndi makina amene mukuiikamo, ngakhale kuti wachiwiriyo ndi wosocheretsa kwambiri.

Woyambayo ndi wosavuta. Laputopu ya mnzanuyo ili ndi purosesa ya Intel kapena AMD, ya m'banja la x86-64 limene kampani ya AMD inabweretsa mu 2003, pamene Raspberry Pi 4, imene inatuluka mu 2019, ili ndi Broadcom BCM2711 yokhala ndi ARM Cortex-A72. Mabanja awiriwa samvana malamulo. Fayilo iliyonse ya pulogalamu pa Linux imalembedwa kumayambiriro kwake mtundu wa purosesa imene inapangidwira, choncho kernel, gawo lapakati la Linux limene limayambitsa mapulogalamu, imangowerenga pamenepo n'kukana, monga momwe tcheni cha njinga yamoto sichingalowe pa njinga yakapalasa ngakhale chili chatsopano. Kuipatsa fayiloyo chilolezo ndi chmod kapena kuyambira ndi sudo sikusintha kanthu.

Pa uthenga wachiwiri m'pamene anthu ambiri amatayira bandulo yawo. Amene anakuuzani za uname -m sananame, koma lamulo limenelo limangonena za kernel, osati za mapulogalamu ena onse a m'dongosolo loyendetsa kompyutayo. Pa Pi 4 n'zofala kupeza Raspberry Pi OS ya 32-bit ikuyenda ndi kernel ya 64-bit, moti uname amati aarch64 pamene malaibulale onse ali m'katimo (mafayilo othandizira amene mapulogalamu amadalira) ndi a 32-bit. Mukayambitsa node ya arm64, kernel imailandira chifukwa purosesa ndi yoyenera, kenako fayiloyo imaitana kapulogalamu koikonzera malaibulale kotchedwa /lib/ld-linux-aarch64.so.1, ndipo kameneko m'dongosolo la 32-bit mulibe. Chimene makina akuti sichikupezeka ndi kapulogalamu kameneka, osati node imene inu mukuiona mufoda. Ine ndimaona kuti uthengawu unalembedwa mosaganizira munthu wongoyamba kumene, chifukwa sutchula n'komwe dzina la chimene chikusowa.

Kuti mutsimikize, lembani getconf LONG_BIT; mukaona 32, nkhani yake ndi yomweyi. Lembaninso dpkg --print-architecture, ndipo yankho likakhala armhf, dongosolo lanu ndi la 32-bit, pamene arm64 ikutanthauza 64-bit yeniyeni. Mukafuna kuona mbali ya fayilo, lowani mufoda ya bin n'kulemba file node, ndipo idzakuonetsani mtundu wa purosesa pamodzi ndi dzina la kapulogalamu kamene ikuitana. Malamulo amenewa safuna intaneti, choncho muziyamba ndi iwo musanagule bandulo ina.

Njira yachidule ndiyo kulemba sudo apt update kenako sudo apt install nodejs npm, popeza apt, pulogalamu yoikira mapulogalamu ena, imadziwa yokha kuti dongosolo lanu ndi armhf ndipo singakubweretsereni fayilo ya purosesa ina. Node.js imene imabwera moteremu imakhala yakaleko pang'ono, koma kwa ana amene akuphunzira ma variable, ma loop ndi ma function, kusiyanako sikungawapweteke. Mukafuna yatsopanoko, fayilo yoyenera ndi ya dzina lothera ndi linux-armv7l, ndipo Node.js 22 ili nayo. Poti timakompyutato n'tofanana, itengeni kamodzi, muiike pa flash, n'kuigawira tonse.

Komabe malangizo anga ndi akuti patchuthi chikubwerachi muike Raspberry Pi OS ya 64-bit pamakhadi onse pogwiritsa ntchito Raspberry Pi Imager. Dongosolo limeneli linatulutsidwa movomerezeka mu February 2022, ndipo opanga mapulogalamu ambiri tsopano amasamalira kwambiri arm64 kusiyana ndi ARM ya 32-bit. Palibe njira yodalirika yosandutsira dongosolo la 32-bit kukhala la 64-bit lili pompo. Khadi imalembedwa mwatsopano ndipo zonse zimafufutika, choncho sungani kaye ntchito za ana pena. Musachite zimenezi pakati pa teremu, ndiponso musankhe nthawi imene magetsi sakuyembekezeka kuzima kapena laputopu yolembera khadiyo ili ndi batire yodzaza.

Musaiwale kuchotsa zimene munaika kale. Ngati munakopera node yolakwikayo mu /usr/local/bin, makina adzapitiriza kuipeza iyo poyamba asanafike pa /usr/bin pamene apt imaika yake, ndipo mudzaganiza kuti kukonzaku kwalephera. Lembani type -a node kuti muone zonse zimene zilipo, chotsani yolakwikayo, kenako tsekani terminal n'kuitsegulanso.

Vuto lomweli likhoza kukubwereraninso mukakopera ntchito ya mnzanu uja pamodzi ndi foda yake ya node_modules, mmene mumakhala mapaketi a khodi amene ntchitoyo imadalira. Mapaketi ena m'menemo si JavaScript yokha, ali ndi zidutswa zimene zinapangidwira purosesa ya laputopu yake, ndipo pa dongosolo la 32-bit zimakana ndi uthenga wonga "wrong ELF class: ELFCLASS64". Koperani khodi yake ndi package.json, siyani node_modules, n'kulemba npm install pa Pi pomwepo kuti zidutswazo zitengedwe kapena kupangidwa zogwirizana ndi makina anu.