Mwana wanga amajambula ng'ona zamapiko, kodi ndi matenda?

FUNSO: Ndine mayi wa ku Bangula, ndipo mwana wanga wa zaka 17, amene sanaphunzitsidwepo ndi munthu aliyense, amamaliza makope ake kujambula zinthu zosaoneka pansi pano: ng'ona zamapiko, mvuu zovala zipewa ndi mabwato oyenda m'mitambo. Achibale akuti ndipite naye kwa sing'anga, koma aphunzitsi ake akuti ku Congo kunali anthu otere amene anatchuka. Kodi zimenezi n'zoona?

YANKHO: Mayi, aphunzitsiwo sanakunamizeni. M'chaka cha 1926, Georges Thiry, amene ankagwira ntchito m'boma la atsamunda a ku Belgium, anaona zithunzi pakhoma la nyumba ina ku Bukama, m'chigawo cha Katanga ku Congo. Mwini wake anali Albert Lubaki, mmisiri wosema minyanga ya njovu, amene sanapondepo m'kalasi ya zojambulajambula. Poona kuti zithunzi zapakhoma zimapita ndi mvula, Thiry anamupatsa mapepala ndi utoto wosungunula ndi madzi, ndipo Lubaki pamodzi ndi mkazi wake Antoinette anayamba kujambula njovu, anyalugwe ndi mbalame monga momwe mutu wawo unkazionera, osalabadira kuti nyamazo zifanane ndi zam'tchire pa mtundu kapena pa msinkhu. M'chaka cha 1929 zithunzi za Lubaki zinaonetsedwa ku Brussels, ndipo mu 2015 zinakhala m'gulu la zojambula za ku Congo zimene zinaonetsedwa ku Fondation Cartier, nyumba yoonetserako zojambulajambula mumzinda wa Paris.

Komabe nkhani yake ili ndi mbali yowawa imene aphunzitsiwo mwina sanaitchule. Ku Ulaya kunabuka mphekesera zoti Lubaki kulibe, akuti mzungu ndiye ankajambula zithunzizo, ndipo chidwi cha azungu chitazilala, dzina lake linaiwalika kwa zaka zambiri. Chimene chinamuikira umboni ndi mapepala aja, chifukwa zapakhoma zinafafanizika kalekale.

N'chifukwa chake ndikukupemphani kuti, m'malo mwa ndalama ya kwa sing'anga, mumugulire mapepala olimba ndi mapensulo amitundu, kuti makope a sukulu apume. Pa chithunzi chilichonse azilembapo dzina lake ndi tsiku, ndipo muzizisunga m'jumbo yomanga bwino, pamalo okwera, pakuti kwanuko Shire akakwiya sasankha cholowa nacho m'nyumba, nacho chiswe sichiona nkhope. Ngati pali wachibale wa foni yojambula, azizijambula zonse. Wina akabwera kudzagula, musapereke mulu wonse pa mtengo wa thumba la chimanga.

Za matenda, kujambula ng'ona yamapiko pakokha si chizindikiro cha misala. Mwana wokulira m'mbali mwa Shire, amene wamva nthano za ng'ona ndi mvuu kuyambira ali kumsana, sangasowe zoterezi m'mutu, ndipo ine ndingadabwe atamajambula chipale chofewa. Chimene muyenera kuyang'anitsitsa ndi khalidwe lake: ngati wasiya kudya, sakugona, akudzipatula kwa anzake kapena akumva mawu amene ena sakuwamva, pitani naye kuchipatala msanga. Ngati zonsezi palibe, khalani naye pansi madzulo ano, mumufunse kumene mabwato am'mitambowo akupita.