Agogo ali pa njinga ya olumala, adzukulu akufuna ku Munda Wanga

Mayi wina wa ku Chilenje wandilembera imelo. Bambo ake anadwala sitiroko ndipo masiku ano amayenda pa njinga ya olumala. Adzukulu akukakamira zoti sukulu ikatsekera akaone nyama ku Munda Wanga, agogo awo ali pomwepo. Mayiwa akufunsa ngati zingatheke, kapena angowasiya agogo kunyumba ndi wailesi.

Mayi, musawasiye. Koma musangodzuka n'kunyamuka.

Munda Wanga uli ku Chilanga, mumsewu wa Kafue, makilomita pafupifupi 15 kuchokera m'tauni ya Lusaka. Malowa anawayambitsa Ralph Sander m'zaka za m'ma 1950 ngati munda wa mitengo ndi maluwa, nyama zinabwera pambuyo pake. Choncho ulendowu ndi woyenda panja mtunda ndithu, ndipo chimene chidzakuvutitseni kwambiri ndi nthaka. Timatayala tiwiri takutsogolo kwa njinga timatitimira mumchenga, ndipo tikagunda kamwala kapena muzu wa mtengo njinga imaima dzidzidzi, munthu n'kutsetserekera kutsogolo. Wokankha aponde kachitsulo kakumbuyo kuti titukuke, njinga iyende pa matayala aakulu okha. Potsika pamalo otsetsereka kapena pa sitepe, tembenukani mutsike cham'mbuyo. Yesererani zimenezi pabwalo lanu, ndipo okankha akhale awiri amphamvu osinthana, osati ana. Ana amaiyesa galimoto yampikisano.

Imbani foni musanapite. Musafunse kuti "kodi njinga ya olumala ingalowe?" chifukwa kulikonse kuno amangoyankha kuti "bwerani, tidzawanyamula." Munthu wamkulu kunyamulidwa ngati thumba la ufa pamaso pa adzukulu ake si chinthu chokoma. Yezani njingayo m'lifupi ndi tepi, zambiri zimakhala masentimita 60 mpaka 70, ndiye mufunse kukula kwa chitseko cha chimbudzi. Funsaninso ngati pali masitepe, komanso ngati galimoto ingafike pafupi ndi khomo. Nkhani ya chimbudziyi ndi imene imabweza mabanja ambiri kunyumba nthawi isanakwane, ndipo agogo sadzakuuzani okha, adzangosiya kumwa madzi.

Mukamafunsa simukupempha chifundo ayi. Zambia ili ndi lamulo la 2012 loteteza anthu olumala, ndipo limati malo ofikako anthu onse azikhala oti iwonso athe kufikako. Bungwe la boma loona za anthu olumala, la ZAPD, ndi limene limayang'anira zimenezi.

Chinanso chimene ife oyenda ndi miyendo timaiwala ndi chakuti munthu wokhala pansi maso ake amakhala cha m'chiuno mwathu. Kampanda kamene inu mukutsamirapo, iye kakumutchinga. Ndiye mukafika pa khola lililonse, gwadani kaye muone zimene agogo akuona musanafuule kuti "taonani nyani uyo!" Nthawi zina kusuntha njinga pang'ono pokha kumakwanira.

Nyengo yabwino ndi Meyi mpaka Ogasiti. Dzinja ndi matope, ndipo dzuwa la Okutobala limawotcha zitsulo za njinga. Pitani m'mawa. Za minibasi iwalani. Ngati mukuitanitsa takisi ya pa foni ya Yango, muuzeni dalaivala msanga kuti muli ndi njinga yopinda, chifukwa magalimoto ena buti yake ndi yaing'ono.

Ngati mayankho a pa foni sakukukhutiritsani, pali Lusaka National Park, imene inatsegulidwa mu 2015 cha kumsewu wa Leopards Hill. Kumeneko mbidzi, akadyansonga ndi agwape mumaziona muli m'galimoto, moti agogo sangatope kwambiri. Ana a njovu amasiye amene ankasungidwa ku Lilayi anawasamutsiranso komweko. Ineyo, kwa munthu amene wangochira kumene, ndingayambire kumeneko. Koma afunseni eni ake madzulo ano, mwina mtima wawo uli pa mthunzi wa ku Chilanga.