Kodi maganizo angavulaze bondo potera?

Kalata ya sabata ino yachokera kwa mayi wina wophunzitsa pa sekondale, amenenso ndi kochi wa timu ya atsikana ya ntchemberembaye. Alemba kuti: "Mtsikana wanga wina anadumpha kuti awakhe mpira, potera bondo n'kupindikira mkati, popanda womugunda. Pokonzekera amatera bwinobwino. Nditamufunsa anati mtima wonse unali pa mpira ndi pa mdani amene amamutchinga. Kodi maganizo angavulazedi bondo? Nanga ndiziwauza kuti aziganizira mawondo awo akamatera?"

Aphunzitsi, funso loyambalo yankho lake ndi inde. Pa lachiwirilo ndikuletsani, ndipo ndifotokoza chifukwa chake.

Mkati mwa bondo muli mtsempha wolimba umene madokotala amautchula kuti ACL. Umagwira fupa la msongolo kuti lisatererekere kutsogolo kapena kupotoka pansi pa fupa la ntchafu. Ambiri amene mtsemphawu umaduka, pafupifupi 7 mwa 10 alionse, sakhala atagundidwa ndi munthu. Amangotera molakwika, kapena kukhota mwadzidzidzi. Atsikana ndiwo amavulala kwambiri chonchi kuposa anyamata, ndipo si ana asukulu okha. Mwai Kumwenda anaduka mtsempha womwewu mu 2018 akusewerera Melbourne Vixens ku Australia.

Mu 2010 ofufuza a ku Oslo, m'dziko la Norway, anaunika mavidiyo a azimayi amene anavulala pa basketball ndi handball. Anapeza kuti mtsemphawu umaduka mkati mwa mamilisekondi pafupifupi 40 phazi litangokhudza pansi. Kuphethira kwa diso kumatenga nthawi yaitali kuposa pamenepo. Ndiye palibe mpata woti munthu amve kuti bondo lapita molakwika n'kulibweza. Ubongo umayenera kukonza zonse akadali m'mwamba: kuyeza kutalika kwa pamene ali ndi pansi, kukungiratu minofu ya ntchafu ndi ya m'chiuno, kusankha poponda.

Apa m'pamene maganizo amalowerera. Ofufuza akamuuza munthu kuti adumphe uku akuwerenga manambala chobwerera m'mbuyo, kapena uku akulondola mpira ndi maso, kawirikawiri amatera ali chiwongokere, mawondo osapindika mokwanira, ndipo phazi limamenya pansi mwamphamvu. Bondo lopindika limagawira minofu katunduyo. Lowongoka limausiyira mitsempha. Ntchemberembaye ilinso ndi lakelake: lamulo la mapazi limakakamiza wosewera kuima nji pamene watera, ndipo ali ndi masekondi 3 okha kuti aponye mpira. Wosewera akamatera, mutu umakhala kale pa woti amupatsire.

Tsono bwanji osangowauza kuti aziganizira mawondo? Choyamba, m'masewero enieni sizingatheke. Amene akuganiza za bondo lake mpira umudutsa pamutu, ndipo inu nomwe mumukalipira. Chachiwiri, kafukufuku wa Gabriele Wulf ndi anzake, kuyambira 1998, wakhala akusonyeza kuti munthu amaphunzira bwino kayendetsedwe ka thupi akaika maganizo pa chinthu chakunja kusiyana ndi pa chiwalo chake. Ukayamba kulondalonda chiwalo, thupi limauma. Yesani kutsika masitepe mukuganizira phazi lililonse, muona.

Ine ndikanakhala inu ndikanasiya mawu akuti "pinda mawondo, asalowe mkati". Ndikanati, "Tera ngati mphaka, ndisamve phokoso." Mawu oti munthu atere mwakachetechete anayesedwa, ndipo amachepetsadi mphamvu imene phazi limamenyera pansi. Ubwino wake mwana amadzimvera yekha ngati walakwitsa, simufunika kukuwa. Mukhozanso kuika mabotolo awiri kutsogolo kwake motalikirana ngati mapewa, n'kumuuza kuti potera aloze mabotolowo ndi mawondo, kapena kuti atere ngati akukhala pa mpando umene uli kumbuyo kwake.

Akazolowera, yambani kuwasokoneza dala, chifukwa kutera bwino pamzere, wina pambuyo pa mnzake, popanda mpira, n'kumene kunakupusitsani. Aponyereni mpira ali m'mwamba. Kwezani zala kuti atchule nambala asanatere. Ikani womutchinga, ndipo muzitchula mbali yokhotera mochedwa. Mukaona kuti katereredwe kawonongeka, chepetsani zosokonezazo, kenaka muzionjezerenso pang'onopang'ono. Zina muzichita kumapeto, atatopa, poti kutopa nako kumabalalitsa maganizo. Mphindi 10 kapena 15, kawiri kapena katatu pa sabata, zikwanira.

Musandimve ngati ndikuti zonse zili m'mutu. Ntchafu ndi chiuno zikakhala zofooka, maganizo okha sangagwire bondo, makamaka pa mabwalo athu a simenti. Bungwe la Netball Australia lili ndi ndondomeko yotchedwa KNEE, yophatikiza kulimbitsa minofu ndi kuphunzira kutera, ndipo imapezeka pa intaneti.

Za wovulalayo simunanene kuti ali bwanji. Ngati anamva kuti "pho" m'bondo, likatupa m'maola ochepa, kapena ngati limagwedera akamayenda, musangomuthowa ndi madzi otentha. Apite kuchipatala akamuone, achite mafizo, ndipo asabwerere m'bwalo mpaka adokotala atavomera. Amene achitidwa opaleshoni ya ACL nthawi zambiri amadikira miyezi 9 kapena kuposerapo.