Kodi Ndilembe Bwanji Prompt Kuti AI Isandinamize pa Kafukufuku Wanga?

Sabata yatha ndinalandira imelo yochokera kwa mayi wina amene akuchita kafukufuku wa digiri yachiwiri pa mutu wa mmene kusagona mokwanira kumakhudzira kakhozedwe ka ophunzira pa mayeso. Mayiwa anapempha ChatGPT, pulogalamu ya AI (makina oyankha mafunso ndi kulemba ngati munthu), kuti iwapatse mapepala khumi a kafukufuku pa mutuwo, ndipo inawapatsa mndandanda wooneka bwino, wokhala ndi mayina a olemba, zaka ndiponso mayina a majenale. Mphunzitsi amene akuwayang'anira atafufuza, anapeza kuti mapepala anayi mwa khumiwo sanalembedwepo ndi munthu aliyense. Funso la mayiwa linali lakuti: "Kodi ndinalakwitsa kafunsidwe? Nanga prompt yanga (malangizo amene ndimalembera ChatGPT) ndiziyilemba bwanji kuti zoterezi zisachitikenso?"

Mayi, ndikuthokozeni chifukwa cholemba moona mtima, pakuti ambiri amene zawachitikira zimenezi amachita manyazi n'kungokhala chete. Vuto lanu linayambira pa ntchito imene munapatsa makinawa. ChatGPT, Claude, Gemini ndi zina zotere zinaphunzitsidwa pa zolemba zochuluka kwambiri kuti zizilosera mawu amene akuyenera kutsatira mawu ena, ndipo mukazifunsa popanda kuzilumikiza ku intaneti, sizitsegula laibulale iliyonse. Tsono dzina la pepala la kafukufuku lili ndi kaonekedwe kodziwika: wolemba, chaka, mutu, jenale, masamba. Makinawa amatha kupanga chinthu chokhala ndi kaonekedwe kameneko mosavuta, ngakhale pepalalo kulibe. Mu 2023, woweruza wina ku New York analipiritsa maloya chindapusa cha madola 5,000 chifukwa anapereka kukhoti milandu yakale imene ChatGPT inangopeka. Ngati akatswiri a malamulo anagwa m'mbuna imeneyi, musadzione ngati ndinu wopepera.

Langizo limene ndimaliona kuti ndi lalikulu kuposa onse ndi ili: musafunse makinawa zimene akukumbukira, apatseni zoti awerenge. Mapepala mukawapeze nokha pa mawebusaiti ofufuzira mapepala a kafukufuku monga Google Scholar ndi PubMed, kapena m'laibulale ya yunivesite yanu, kenako muike pepalalo m'makinawo ndi kuwauza momveka bwino kuti ayankhe pogwiritsa ntchito zimene mwawapatsazo basi. Muwauzenso kuti pa mfundo iliyonse akope chiganizo chenicheni cha m'pepalalo chimene chikutsimikizira mfundoyo, ndipo kuti ngati yankho mulibe, anene kuti mulibe. Chilolezo chomalizachi n'chofunika kwambiri, chifukwa makinawa amakonda kupereka yankho lililonse m'malo movomera kuti sanapeze kanthu. Zida zina masiku ano zimafufuza pa intaneti ndi kukupatsani malinki, ndipo zimenezo zachepetsako vutoli, komabe nthawi zina zimanena kuti pepala lanena zimene silinanene, choncho linki iliyonse muzitsegula nokha.

Chachiwiri ndi kufotokoza za inu eni ndi ntchito yanu. Ganizirani kuti mwalemba ntchito wothandizira watsopano amene anawerenga mabuku ambiri koma sakudziwa chilichonse za kafukufuku wanu, za mphunzitsi wanu, kapena za msinkhu wa maphunziro anu. Munthu woteroyo mukangomuuza kuti "fotokoza pepala ili mwachidule", adzakupatsani chidule chosathandiza aliyense. Yerekezani ndi kalembedwe aka: "Ndikulemba chaputala chounika zimene ena analemba kale, pa kafukufuku wa digiri yachiwiri wokhudza tulo ndi kakhozedwe ka ophunzira a ku yunivesite. M'munsimu muli pepala limodzi. Ndiuze kuti anthu amene anatenga nawo mbali anali angati, tulo anatiyeza bwanji, kakhozedwe anakayeza bwanji, ndi zofooka ziti zimene olemba anavomereza okha. Pa yankho lililonse kopa chiganizo cha m'pepalalo. Ngati mfundo ina mulibe, lemba kuti mulibe. Yankho likhale m'tebulo." Malangizo amenewa atalika chifukwa akunena cholinga, malire, zimene mukufuna ndi kaonekedwe ka yankho, ndipo kutalika kotereku sikutaya nthawi. Pa mutu wanu, funso la kayezedwe ka tulo ndi lofunika zedi, pakuti pepala limene linadalira zimene ophunzira ananena okha za maola amene amagona silingafanane kulemera kwake ndi limene linayeza tulo ndi chipangizo chovala padzanja.

Ngati mukufuna kalembedwe kenakake, onetsani chitsanzo. Pepala limene OpenAI, kampani imene inapanga ChatGPT, inatulutsa mu 2020 lofotokoza makina ake akale otchedwa GPT-3 linasonyeza kuti makina oterewa amagwira bwino ntchito zambiri akapatsidwa zitsanzo zochepa m'malangizo momwemo. Ntchito yaikulu muziigawa, pepala limodzi pa nthawi. Kafukufuku wina wa mu 2023 anapeza kuti makinawa akapatsidwa zolemba zazitali amagwiritsa ntchito bwino zimene zili koyambirira ndi kumapeto, koma za pakati amaziphonya kawirikawiri, ndiye kuunjika mapepala makumi awiri nthawi imodzi kungachititse kuti ena asawerengedwe bwino.

Pali chinthu china chimene chimandidetsa nkhawa kuposa mapepala opeka, chifukwa sichioneka msanga. Makinawa amakonda kugwirizana ndi amene akuwafunsa. Mukalemba kuti "nditsimikizire kuti kusagona kumachititsa ophunzira kulephera", adzakutsimikizirani ndithu, ndipo mudzaiwala kuti zinthu ziwiri zikamaonekera limodzi sizitanthauza kuti chimodzi chikuyambitsa chinzake. Mwina nkhawa ya mayeso ndi imene ikuwalanda tulo ophunzirawo n'kuwalepheretsanso kukhoza. Ine ndimakonda kufunsa mobwerera: ndimaika ndime yanga ndi kuwauza makinawo kuti aitsutse ngati woyesa wokhwima, atchule mfundo zitatu zofooka kwambiri ndiponso zifukwa zina zimene zingafotokoze zotsatira zomwezo. Zina zimene amanena sizikhala zomveka, koma nthawi zambiri pamakhala imodzi imene ikanadzandivuta pa tsiku loteteza kafukufuku.

Mukayamba kusonkhanitsa mayankho a ophunzira, musaike m'makinawa mayina awo kapena chilichonse chimene chingawazindikiritse, chifukwa munalonjeza iwowo ndiponso komiti yoona za ufulu wa anthu otenga nawo mbali kuti mudzasunga chinsinsi. Muzisunganso prompt iliyonse imene mwalemba, tsiku lake ndi dzina la chida chimene munagwiritsa ntchito. Mu Januwale 2023, jenale ya Nature inalengeza kuti ChatGPT singalembedwe ngati mmodzi mwa olemba pepala, popeza singayankhe mlandu pa zimene zalembedwa, ndipo inati olemba azifotokoza m'pepala lawo mmene anaigwiritsira ntchito. Mayunivesite ali ndi malamulo osiyanasiyana pa nkhaniyi, choncho mufunse mphunzitsi wanu zimene zili zololedwa musanapitirire.

Za mapepala asanu ndi limodzi amene atsala aja, musawakhulupirire chabe chifukwa chakuti alipodi. Pezani nambala ya DOI (nambala yapadera yozindikiritsa pepala la kafukufuku) ya pepala lililonse, muilembe pa doi.org, muone ngati olemba, chaka ndi jenale zikugwirizana ndi zimene ChatGPT inakupatsani, ndipo muwerenge pepalalo lonse musanalitchule m'chaputala chanu.