Mamega akutha koma luso silikuoneka

Wandilembera mnyamata wa ku Ulónguè, m'boma la Angónia ku Mozambique. Kalasi 12 anamaliza chaka chatha, ndipo akuti usiku uliwonse amakhala pa YouTube ndi TikTok kumvera anthu olangiza za kulawirira m'mamawa, kulemba ndondomeko ya tsiku, ndi kudziwa luso latsopano m'masiku 30. Anayamba Chingerezi, n'kulumphira pa Canva (pulogalamu yokonzera zithunzi ndi mapositala), pano ali pa forex (malonda ogula ndi kugulitsa ndalama za mayiko pa intaneti). Palibe chomwe wafika nacho kumapeto. Bambo ake nawo nyimbo ndi imodzi: "Pita ku Moatize ukafune ntchito kumgodi." Funso lake n'lakuti, kodi ndine waulesi?

Makalata otere sachedwa kundipeza. Ulesi ayi, mwanawe, koma nthawi ukutayadi, sindikubisira. Olankhula m'makanemawo amadya chifukwa iweyo ukuonera, pomwe mamega a Movitel omwe akuthawo ndi ako. Kulawirira sukufunika kukuphunzira kwa iwo. Amayi ako tambala akalira amakhala atanyamula kale khasu kupita ku mbatatesi. Za forexzo usiye lero lomwe. Mmenemo mumafunika ndalama yoti ikapita usalire, ndipo iwe ulibe.

Inunso bambo, mwana musamukankhire ku Moatize chimanjamanja. Mgodi wa malasha uja kampani ya Vale inaugulitsa kwa kampani ya Vulcan mu 2022, koma kaya mwini ndi ndani, amene amafunidwa ndi wodziwa magetsi, makina kapena kuwotcherera. Wopanda luso amangokagonera kwa achibale ku Tete, dzuwa likumuphika, ndalama ya chapa (minibasi) n'kutha.

Ine ndikuti phunzira zamagetsi, makamaka za sola. Yenda midzi ya ku Dómuè kapena ku Tsangano uone. Munthu wagula panelo kumsika, wailumikiza molunjika ku batire popanda kachipangizo koteteza, nthambo zopyapyala wamanga ndi pulasitiki, pasanapite nthawi batire lafa. Ameneyo ndiye kasitomala wako, ndipo mumayankhula chinenero chimodzi. Sukulu ya boma ya IFPELAC imaphunzitsa ntchito zamanja m'maphunziro aafupi, kafunse nthawi yolembetsa. Ndalama zikavuta, pita kwa mmisiri wa pa Ulónguè pomwepo, umugwadire, uzimunyamulira zida. Adzakutuma, mwina adzakukalipira, koma manja ako adzagwira nthambo zenizeni. Apo ndiye foni idzayamba kugwira ntchito yake: batire lili patsogolo pako, multimeter yoyezera magetsi ili m'manja, ukufufuza chinthu chimodzi chomwe chakukanika tsikulo.

Ngati mtima uli pa yunivesite, UniZambeze ili ndi sukulu ya zaulimi ku Angónia komweko, koma mayeso olowera amafuna mabuku, ndipo uyenera kuwakhalira pansi.

Poti wayesa zinthu zitatu wekha popanda wokukakamiza, ndikuvomera kuti mutu ulipo. Udzandilemberenso babu la m'khitchini mwa amayi ako likadzayaka ndi nthambo zolumikiza iwe.