Chifukwa chiyani amishoni a ku Albania akutha nthawi m'kalasi m'malo molalikira?

Mayi wina wa kwathu kuno, amene akugwira ntchito ya unamwino ku Manchester, anandilembera imelo sabata yatha. Iwo akuti mpingo umene amapempherako ukusonkhetsa ndalama zothandizira banja la amishoni limene lili ku Albania, koma atawerenga kalata ya banjalo anapeza kuti ntchito yake yaikulu ndi kuphunzitsa anthu owerengeka m'kalasi kuti adzakhale alaliki. Funso lawo linali loti: dziko la ku Ulaya, kumene kunachokera anthu amene anatibweretsera uthenga wabwino, lingasowe bwanji alaliki, ndipo ngati akusowadi, bwanji osachititsa misonkhano yachitsitsimutso kuti anthu ambiri amve nthawi imodzi?

Mayi, zikomo chifukwa chofunsa musanapereke, pakuti ndi mmene munthu wosamala chopereka chake amachitira. Yankho langa liyambira pa zimene dziko limenelo linaona. Albania anali pansi pa ulamuliro wa chikomyunizimu kuyambira 1944, motsogozedwa ndi Enver Hoxha, amene anamwalira mu 1985. Mayiko ena achikomyunizimu ankapanikiza mipingo koma n'kusiyako matchalitchi ena otsekula. Hoxha mu 1967 anatseka zonse, matchalitchi ndi mizikiti yomwe, nyumba zopempherera zoposa 2,000, ndipo malamulo oyendetsera dziko a mu 1976 ananena poyera kuti boma silivomereza chipembedzo chilichonse. Tchalitchi chachikulu cha Akatolika mumzinda wa Shkodër chinasandutsidwa holo ya masewero. Wansembe wina, Shtjefën Kurti, anaphedwa mu 1971 chifukwa chobatiza mwana. Pa nyengo ya Pasaka, mabanja a mpingo wa Orthodox ankanyika mazira mu utoto wofiira mobisa, kenaka n'kubisanso makoko ake, poopa kuti mwana angapite nawo kusukulu, aphunzitsi n'kuyamba kumufunsa za kunyumba. Makolo ambiri anasankha kusauza ana awo kanthu za Mulungu kuti awapulumutse.

Chimene ndikufuna kuti muone ndi chakuti chinthu chovuta kwambiri kuchibwezeretsa pa zonse zimene Hoxha anaononga ndi mzere wa anthu ophunzitsana. Nyumba imamangidwa m'chaka chimodzi, koma munthu wodziwa kumasulira Malemba, kulangiza banja lomwe likufuna kutha ndi kuyendetsa mwambo wa maliro amaphunzira zimenezi kwa wina amene anamutsogolera, ndipo kwa zaka 23 palibe amene anaphunzitsa mnzake poyera. Pamene Simon Jubani, wansembe amene anakhala m'ndende zaka 26, anachita Misa ya poyera kumanda a ku Shkodër pa 4 November 1990, anthu anali ndi njala ya mawu, koma otsala oti n'kuwadyetsa anali okalamba ndi otheratu mphamvu. Mpingo wonse wa Orthodox unali utatsala ndi ansembe 22 okha.

Misonkhano imene mukunenayo inachitika ndithu. Malire atangotseguka mu 1991, magulu ambiri a amishoni anakhamukira ku Tirana, likulu la dzikolo, anadzaza mabwalo, anagawa mabuku, ndipo achinyamata ankabwera mwaunyinji, ena pofuna uthenga, ena pofuna kungoona mlendo amene sanamuonepo chibadwire. Koma mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Mu 1997 makampani achinyengo amene ankalonjeza anthu chiwongoladzanja chachikulu anagwa ndi ndalama za mabanja ambiri, dziko linalowa m'chipwirikiti, anthu anathyola nkhokwe za zida, ndipo alendo ambiri, kuphatikizapo amishoni, anasamutsidwa mwadzidzidzi m'mwezi wa March. Mipingo yatsopano inagwa m'manja mwa anyamata ndi atsikana amene anali atangotha zaka zisanu kapena zisanu ndi chimodzi m'chikhulupiriro. Kumene mmishoni anali atakonzekeretsa wina, mapemphero anapitirira. Kumene iye ankagwira yekha makiyi, ndalama ndi guwa, zinthu zinavuta kwambiri.

Chitsanzo chimene chimandikhudza mtima chili ndi fungo la kuno ku Africa. Anastasios Yannoulatos, bishopu wa ku Greece amene anatumizidwa ku Albania mu 1991, anafika kumeneko kuchokera ku Nairobi, kumene anatha zaka khumi akutsogolera mpingo wa Orthodox kum'mawa kwa Africa ndi kuphunzitsa ansembe a komweko. Atafika, chimodzi mwa zinthu zoyamba kuchita chinali kutsekula seminale, sukulu yophunzitsa ansembe, mu 1992, m'hotela yakale yosiyidwa mumzinda wa Durrës, ndipo patapita zaka zochepa anaisamutsira ku Shën Vlash, pafupi ndi mzindawo. Taganizirani kalasi imeneyo: amuna akuluakulu amene kusukulu anawaphunzitsa kuti kulibe Mulungu, ena osadziwa n'komwe kuti buku la Machitidwe lili pati m'Baibulo, atakhala pa mabenchi m'nyengo yozizira, mabuku a m'chinenero chawo ali osowa. Kuchokera m'kalasi yotere anadzoza ansembe oposa 100. Anastasios sanalandiridwe ndi manja awiri ndi onse, chifukwa pakati pa Albania ndi Greece pali kukayikirana kwakalekale, moti mu 1994 panali ganizo loika m'malamulo atsopano oyendetsera dziko kuti mtsogoleri wa chipembedzo azikhala mbadwa ya dzikolo, ganizo limene linagwa pamodzi ndi malamulo onsewo pa referendamu. Iye anatsala m'dzikomo pa chipwirikiti cha 1997, ndipo atamwalira mu January 2025, amene analowa m'malo mwake ndi Joan Pelushi, mbadwa ya ku Tirana, amene anabatizidwa mobisa mu 1979. Kwa ine, apa ndi pamene ntchito ya mmishoni imaonekera kuti inalidi yolimba.

Palinso nkhani zimene mlendo sangaziyankhule bwino ngakhale atadziwa chinenero. Kumpoto kwa Albania kukadali mwambo wobwezera magazi, umene umachititsa kuti mwamuna aphedwe chifukwa cha mlandu wa m'bale wake, ndipo m'busa wina wa ku Shkodër, Dritan Prroj, anaphedwa motero mu 2010. Uthenga wa chikhululukiro pa nkhani yotere umamveka ukachoka pakamwa pa munthu amene mwambowo umamukhudzanso. Ndiponso anthu ambiri m'dzikolo ndi ochokera m'mabanja a Chisilamu, ndipo amanyadira kuti zipembedzo zimakhalirana mwamtendere. Mlaliki wa komweko amadziwa kulalikira mosaphwanya ubale umenewo. Ife a ku Malawi sitiyenera kudabwa ndi zimenezi, popeza mishoni ya Blantyre inayamba mu 1876 koma inadikira mpaka 1911 kuti idzoze abusa ake oyamba achikuda, Harry Kambwiri Matecheta ndi Stephen Kundecha, ndipo kuchedwa kotereku ambiri anakudandaula.

Sindikunena kuti sukulu iliyonse ya ubusa ndi yoyenera chopereka chanu. Vuto lalikulu lero ndi lakuti achinyamata ambiri akuchoka ku Albania kupita ku Italy, Greece, Germany ndi ku Britain komwe muliko, kotero kuti wophunzira amene waphunzitsidwa m'Chingerezi ndi kulipidwa ndi ndalama zakunja akhoza kutha ngati wokonzekera ulendo. Choncho musanapereke, pemphani akulu a mpingo wanu alembere banjalo ndi kulifunsa ngati maphunzirowo amachitika m'chinenero cha ku Albania, ngati pakati pa aphunzitsi pali mbadwa za komweko, ngati ophunzirawo atumidwa ndi mipingo imene idzawalandire ndi kuwasamalira, komanso ngati sukuluyo imagwirizana ndi VUSH, bungwe la mipingo ya chievanjeliko m'dzikolo. Muwafunsenso, mwaulemu koma mosapita m'mbali, kuti ndani adzayendetse sukuluyo iwo akadzabwerera kwawo, ndipo munthuyo ayamba liti kugwira makiyi.